Kumene Anacokera Maina a Zida za Mlakatuli

Mwana akabadwa m'mudzi sapatsidwa dzina tsiku lomwelo. Amayamba wakhala m'cikuta pamodzi ndi amace masiku angapo, ndipo mcombo ukagwa ndi pamene akulu amadza kudzampatsa dzina. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti dzina ndilo linabala mwana, pakuti mwanayo anali kulira ndi kuyamwa dzinalo lisanamveke. Mbiri ya zida za mlakatuli m'Cinyanja iri yotero. Zidazo zinakhala m'kamwa mwa anthu mibadwo yosawerengeka, koma maina amene ziri nao m'mabuku anadza dzulodzuloli.

Nkhani imeneyi iyenera kumveka makamaka m'madera a mzinda wa Lusaka monga Libala, Kabwata ndi Chilenje. Ana a kumeneko amabadwira pakati pa zinenero zambiri, ndipo Cinyanja ndico cinenero ca dziko cimene boma linaikira sukulu za m'Lusaka ndi za kum'mawa. Mwana wa ku Libala akatsegula buku la ndakatulo apeza mau onga ndime, mvekero, cifanifani ndi cining'a, nawaloweza pamtima cifukwa ca mayeso. Ambiri aganiza kuti zinthu zimenezi zinabwera ndi sukulu monga coko ndi bolodi, ndipo mayeso akatha amazisiya pakhomo la sukulu pomwepo. Wodziwa kumene zinacokera sangazitaye motero.

Masiku a Pakamwa

Acewa, Amang'anja, Ansenga ndi Angoni analibe zilembo, koma anali ndi bwalo, mtondo ndi moto wa madzulo. Pamotopo ana anali kuponyerana zilapi. Wina akati, "Nyumba yanga yopanda khomo," anzace anayenera kupeza kuti ali kunena dzira. Pamenepo mwana anali kuphunzira cida coyamba ca mlakatuli, ndico kufanizira cinthu ndi cinzace. Kufanizira kuli pawiri. Pali koonekera, kumene kumayenda ndi mau oti "ngati" kapena "monga", ndipo m'mabuku dzina lace ndi cifanifani. Munthu akati mabasi a pa Burma Road m'mawa ali kutsatana ngati linthumbu, wanena cifanifani. Pali kobisika, kumene "ngati" amacotsedwa, cinthu nicingobvala dzina la cinzace, monga ponena kuti mai wakuti ndi nkhokwe ya mudzi. Apa womva ayenera kudzipezera yekha pamene mai ndi nkhokwe afanana, ndipo cimene munthu wadzipezera yekha saciiwala msanga.

Kufanizira komweku kunalowa ndi m'maina aulemu a mafumu. Mfumu yaikulu ya Acewa, imene likulu lace liri ku Mkaika m'boma la Katete, dzina lace ndi Kalonga Gawa Undi. Akulu amamasulira kuti ndiye wolonga mafumu, wogawa dziko, ndi wofungatira anthu monga mbalame ifungatira ana ace pansi pa mapiko. Malamulo onse a ufumu anamangidwa m'mau atatu okha.

M'nthano munali cida cina. Kalulu amazenga mlandu, Fisi amafunsira mbeta, Kamba amakumba citsime. Kupatsa nyama kapena cinthu copanda moyo makhalidwe a munthu ndiko mabuku amati umunthu, ndipo munthu akati njala yagogoda pakhomo wacita comweco. Wokamba nthano sanali kulankhula yekha, pakuti omvera anali kumbvomera kuti ali naye pamodzi, ndipo pofika panyimbo iye anatsogolera, iwo nabvomera mau omwewo kawirikawiri. Kubwereza mau kapena mzere wathunthu mwadala ndico cibwereza. Anthu opanda pepala anasunga nzeru zao ndi cida cimeneci, popeza mau obwerezedwa amakhazikika m'mutu monga njira ikhazikika poipita masiku onse.

Pamtondo panabadwira kuphiphiritsa, ndiko kunena cinthu mozungulira kuti eni ace amve koma asapeze pogwira mlandu. Mkazi sakanatha kudzudzula mwamuna wace kapena apongozi ace pamaso pa anthu. Tsono posinja anaimba za khoswe wotha cimanga ca m'nkhokwe, mudzi wonse nudziwa khosweyo, koma osamchula dzina. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu onse, amacitanso cimodzimodzi, pakuti zilombo zace zimaseka ulesi, kuledzera ndi ciwerewere popanda kuloza munthu cala.

Pabwalo la milandu panali miyambi ndi zining'a, ndipo ziwirizi zisiyana. Mwambi, umene ena amati mkuluwiko, ndi ciganizo cathunthu cokhala ndi ciweruzo m'kati mwace, monga wakuti mutu umodzi susenza denga. Cining'a ndi kagulu ka mau amene tanthauzo lao silipezeka powamasulira limodzi limodzi. Wotsina mnzace khutu sampweteka konse, koma amcenjeza. Panalinso kukokomeza, ndiko kukuza cinthu kupitirira muyeso kuti cimveke, monga wodikira mnzace ola limodzi akanena kuti wamera imvi ali panjira. Ndipo panali kufewetsa mau owawa, cifukwa cace mfumu ikamwalira amithenga anali kunena kuti mtengo waukulu wagwa. Zonsezi anthu anazidziwa ndi khutu, osafuna buku lozipatula m'magulu.

Kufika kwa Zilembo

Mau a Cinyanja anayamba kulowa m'mabuku kutali ndi kwao. Johannes Rebmann, mmishoni wa ku Germany amene anakhala pafupi ndi Mombasa, analemba mau ocokera pakamwa pa Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kudziko la Acewa, ndipo bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1877. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anaturutsa buku lalikulu lomasulira mau a Cimang'anja m'caka ca 1892. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson amene lero ndi Chipata, m'caka ca 1899, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linaturuka m'caka ca 1922. Anthu ambiri anayamba kuona mau oikidwa m'mizere ifupiifupi m'Masalmo ndi m'mabuku a nyimbo za mpingo.

Pamodzi ndi zilembo panabwera muyeso wacilendo. Nyimbo za ku Ulaya zimakonda kuti mizere ithe ndi maliu ofanana, ndipo kugunda kwace kumagwera kawirikawiri paphatikizo lotsiriza la mzere. Cinyanja sicitero. Mau ace onse amatha ndi cimodzi ca zilembo zisanu, a, e, i, o, u, ndipo aneni ambiri amatha ndi a, kotero kufananitsa mathero a mizere si luso lobvuta, ndipo khutu la Mnyanja silikondwera nako kwambiri. Komanso kulemera kwa liu kumagwera paphatikizo laciwiri kucokera kumapeto, ndipo kukweza kapena kutsitsa mau kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango usiyana ndi mtengo wa pamsika. Omasulira nyimbo, pofuna kuti mau akwanire m'maimbidwe a kwao, anadula maphatikizo, Mulungu nakhala Mlungu. Ophunzira ena anakula naganiza kuti ndakatulo yeniyeni ndi yokhayo yofanana mathero.

Cikhalireco Cinyanja ciri ndi nyimbo yaceyace, ndipo iri kuciyambi kwa mau. Wonena kuti "Tiana tiwiri tating'ono tija tagona" wabwereza liu limodzi kasanu osadziwa, cifukwa malamulo a mgwirizano amkakamiza kutero. Cimene mlakatuli wa Cingerezi amacifuna ndi thukuta, Mnyanja amacipeza ciri cikhalire m'cinenero cace, ndipo luso lace liri pakusankha gulu la maina limene liu lace liyenera nkhaniyo: ka ndi ti pa zinthu zazing'ono zokondedwa, ci ndi zi pa zazikulu zoopsa. Cida cinanso ndi kulinganiza mizere iwiri kuti waciwiri uyankhe woyamba, monga ponena kuti, "Dzuwa lalowa kuphiri, mwana sanalowe m'nyumba." Olemba Masalmo Acihebri anali kumanga nyimbo zao motero, ndipo n'cifukwa cace Masalmo sanamveke acilendo kwa oimba pamtondo.

M'sukulu zapamwamba, zonga Munali ya ku Lusaka, anyamata anaphunzira maina a zida zimenezi m'Cingerezi, ndipo Cingerezi comwe cinawabwereka kwa Agriki ndi Aroma. Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira caka ca 384 kufikira 322 Kristu asanabadwe, anafotokoza kufanizira kobisika, ndipo liu lace Lacigriki, metaphora, litanthauza kunyamula cinthu kupita naco kwina. Koma cida cimodzi ca Cinyanja cinasowa dzina m'mabuku a ku Ulaya. Ndiwo mau aja ojambula cinthu m'khutu: wakuda bii, woyera mbee, wofiira psuu, mudzi uli zii, madzi ali ndengundengu m'mtsuko, mlendo wangoti balamanthu. Mabuku oyamba omasuliridwa anali ndi mau otere owerengeka okha. Clement Doke, amene anakhala mmishoni pakati pa Alamba a m'Northern Rhodesia kuyambira 1914 kufikira 1921, ndiye anakhazikitsa dzina lao Lacingerezi, ideophone, m'buku lace la 1935. M'mabuku a sukulu dzina lao ndi mvekero, ndipo ndi dzina loyenera, pakuti liu lotere limamveketsa mtundu, mayendedwe, ngakhale kukhala cete kumene.

Lusaka ndi Mabuku

Lusaka anayamba monga poimapo sitima m'caka ca 1905, m'dziko la Asoli ndi Alenje, ndipo anakhala likulu la Northern Rhodesia m'caka ca 1935, boma litasamuka ku Livingstone. Cinyanja cinafika ndi asilikari, apolisi, makalaliki ndi anchito ocokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. Ena a iwo anakhala m'nyumba zozungulira zofolera udzu za ku Kabwata, zimene zina zinasungidwa kukhala mudzi wa zamwambo. Libala anamangidwa pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1960. Motero cinenero ca alendo cinasanduka cinenero ca pamsika ndi pamsewu wa likulu.

Mabuku anatsata anthu. Nyuzipepala ya boma ya Mutende, imene inali ndi masamba a Cinyanja, inayamba m'caka ca 1936. M'caka ca 1937 boma linaika komiti ya mabuku a anthu akuda ku Ndola, ndipo m'caka ca 1948 nchitoyo inapatsidwa kwa Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, imene inakhala ku Lusaka nitumikira maiko onse awiri. Samuel Josia Ntara anali ataonetsa kale ndi buku lace la Nthondo, m'caka ca 1933, kuti Cinyanja cikhoza kusenza nkhani yaitali. Ndakatulo zinacedwerapo. Buku la ndakatulo la E. J. Chadza linasindikizidwa ku Lusaka m'caka ca 1963, ndipo dzina lace limanena za nchito ya pakamwa, ngati kukumbutsa wowerenga kuti za papepalazo zinayambira pamlomo. M'zaka zomwezo John W. Gwengwe anaturutsanso buku lace la ndakatulo. Olemba amenewa anatunga m'nthano, m'miyambi ndi m'nyimbo, ndipo mphamvu ya mizere yao iri m'mivekero, m'cibwereza ndi m'mafanizo.

Ndakatulo zitalowa m'sukulu, aphunzitsi anasowa maina ozifotokozera, ndipo kumene anakawatenga n'koyenera kukumbukika. Liu lakuti ndakatulo licokera ku kulakatula, ndiko kunena mau mokweza ndi mosadodoma pamaso pa anthu, ndipo wocita zimenezi ndiye mlakatuli. Gawo la ndakatulo analipatsa dzina lakuti ndime, liu la kumunda locokera ku kulima, lotanthauza pamene munthu wadziikira kuti alime asanapume. M'ndime muli mizere, monga m'munda muli mizere. Aroma anaganiza cimodzimodzi, pakuti liu lao la mzere wa ndakatulo, versus, linanena za kutembenuka kwa khasu la ng'ombe pofika kumapeto a munda. Miyambi, zining'a ndi zifanifani zonse pamodzi anaziti nsinjiro za cilankhulo. Nsinjiro ndi ufa wa nsawawa wotendera ndiwo, zimene a m'Lusaka amati visashi. Mai aliyense adziwa kuti nsinjiro zikacepa ndiwo sizikoma, zikacuruka zimapha kukoma kwa masamba, ndipo lamulo la mlakatuli ndi lomwelo. M'nkhani zolembedwa, munthu wocita zinthu anamuti mpangankhani, ndipo pamene nkhani yafika pofiira anati pampondacimera, liu lokumbutsa cimera ca mowa. Opereka maina sanapite kutsidya la nyanja. Analowa m'munda ndi m'khichini, ndipo popereka mainawo anali kucita kufanizira komwe kuja anali kukufunira dzina.

Mau a m'Wailesi

Pamene mabuku anali kutsekera mau papepala, wailesi inawabwezera kukhutu. Kuulutsa mau kunayamba ku Lusaka m'masiku a nkhondo yaciwiri, ndipo m'caka ca 1949 Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anabweretsa kawailesi kochipa kooneka ngati sefuliya, ka mtengo wa mapaundi 5, kamene kanalowa m'nyumba za anthu wamba. Oimba onga Alick Nkhata anamveka kufikira ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia.

Koma amene anaonetsa mphamvu yonse ya zida za Cinyanja pawailesi ndiye Julius Chongo, wobadwa m'caka ca 1943 ndi kumwalira m'caka ca 1995. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960, kwa zaka ngati khumi, anali kukamba nthano pa Radio Zambia m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo. Anali kulankhula yekha mau a anthu onse a m'nkhani, ndipo popeza omvera sanali kuona nkhope yace kapena manja ace, mivekero, mafanizo ndi miyambi zinagwira nchito ya maso. Ernst Wendland, mphunzitsi wa sukulu ya abusa ya Lutheran ku Chelstone, anasanthula nthanozo cida ndi cida pa maphunziro ace a udokotala amene anatsiriza m'caka ca 1979, ndipo zina za izo zinasindikizidwa m'buku m'caka ca 2004. Apanso cinthu cinatsogola, maina natsata: anthu anaseka ndi kulira pomvera Chongo zaka zambiri wophunzira asanawerenge zida zace.

Njira Ziwiri

Ufulu utafika m'caka ca 1964, maiko awiri olankhula Cinyanja anayenda njira zosiyana. Ku Zambia, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba, Cinyanja nicitsala phunziro limodzi pakati pa zinenero zisanu ndi ziwiri zobvomerezedwa ndi boma, ndipo malamulo a kalembedwe kace anasindikizidwa m'caka ca 1977. Ku Malawi, m'caka ca 1968, cinenerocho cinapatsidwa dzina la Chichewa nicikhala ca dziko lonse, ndipo Chichewa Board inakhazikitsidwa m'caka ca 1972. N'cifukwa cace ambiri a maina aja anakhwimira m'mabuku a ku Malawi, ndipo mwana wa ku Lusaka nthawi zina amawamva ngati acilendo.

Pali anthu odandaula kuti Cinyanja ca m'Lusaka caonongeka cifukwa cosanganikirana ndi Cibemba, Cinsenga ndi Cingerezi, ndi kuti ana a m'tauni sangalakatule. N'zoona kuti mau ambiri a makolo atayika, ndi kuti mwana wosaonapo nkhokwe amabvutika kumva fanizo la nkhokwe. Koma zida zeni sizinafe. Anthu a m'makomboni ponena za olemera a ku Kabulonga ndi ku Woodlands amati apamwamba, ndiko kufanizira cuma ndi msinkhu. Maina a midzi ya mumzinda ali ndi nkhani m'kati mwao: Mtendere anena cimene anthu anali kufuna, Kalingalinga akumbutsa za munthu woyendayenda wosakhazikika. Oitanira mabasi amakokomeza ndi kubwereza mau tsiku lonse, ndipo oimba amaphiphiritsa podzudzula akulu monga anacitira amai pamtondo. Cimene casintha ndi zinthu zofanizira. Luso lofanizira likalipo.

Coopsa ceniceni ciri pena. Wophunzira akhoza kudziwa maina onse, nakhoza mayeso, koma osatha kunena mau amodzi otonthoza pamaliro kapena oyanjanitsa banja pamlandu. Wina akhoza kukhala ndi luso lonse m'kamwa, koma nacita manyazi nalo cifukwa anamuuza kuti ndakatulo ndi za m'Cingerezi. Onse awiri aluza, ndipo cinenero ciluza nao, pakuti mabuku atsopano sadzalembedwa ndi woloweza maina okha, kapena ndi wonyoza mau a amace.

Wotsiriza sukulu amene afuna kulemba ayenera tsono kutsata njira imene mbiri yomwe inatsata. Ayambe wamva: pamsika wa Kabwata, m'basi, pamaliro, ndi pamene agogo afika kucokera ku Chipata kapena ku Petauke. Akamva mau amene amgwira mtima, adzifunse cimene cawakometsa, ndipo pamenepo dzina la m'buku lidzamthandiza kucizindikira ndi kuciphunzitsa kwa wina. Akalemba ndime yace aiwerenge mokweza, cifukwa ndakatulo ya Cinyanja imayesedwa ndi khutu, ndipo mzere umene lilime lipunthwa nao uyenera kulimidwanso.